Nsomba Yokwera Njinga

Loweruka lina m'mawa, m'chaka cha 1986, Che Jaffalie, msodzi wa zaka makumi atatu panyanja, anafika pansi pa mtengo wa mango pomwe mlamu wawo, a Rowland, ankakonzera njinga m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. M'khwapa anapanira ndodo ziwiri za mbedza ndi kabokosi, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wabwera kudzafunsa koma sakufuna kuti zioneke kuti akufunsa.

"Alamu, mwadzuka?"

"Ndadzuka," anayankha a Rowland, maso ali pa chubu chomwe ankamiza m'beseni la madzi. "Njinga ili kuti?"

"Palibe njinga."

"Nanga chaphulika n'chiyani?"

"Palibe chaphulika. Ndabwera kudzakuonetsani chinthu."

Che Jaffalie anatsegula kabokosi. M'katimo munali timakina tiwiri tonyezimira, tija amamangirira pa ndodo ya mbedza kuti tizikulunga chingwe cha nayiloni. A Rowland anapukuta manja pa ovolosi, n'kutiyang'ana kwa kanthawi.

"N'zoperera tsabola?"

"N'zowedzera."

"Mbedza ili pati?"

"Mbedza imakhala kunsonga kwa chingwe. Iti n'tokulungira."

"Manja anu atani?"

"Manja anga ali bwino. Alendo a kuhotela ndi amene alibe manja."

A Rowland anaika kamakina pansi mosamala. "Pepani kwambiri. Anaduka ndi chiyani?"

"Manja ali nawo, alamu! Koma sadziwa kukoka!"

Nkhani yake inali iyi. Mwini ukonde wa chilimira umene Che Jaffalie ankatsogolera anali atagulitsa ukondewo ndi mabwato omwe, n'kusamukira kwawo. Inali itapita miyezi itatu tsopano munthu wodziwa nyanja ngati khonde la nyumba yake akungokhala pagombe, kuthandiza anthu ena kusoka maukonde, pamene kunyumba kunali ana asanu. Kenaka kunamveka kuti hotela yatsopano ya kugombe ikufuna munthu mmodzi woyenda ndi alendo pa boti kukawedza. Mkulu wa hotelayo, a Willard, anawapatsa timakina tiwirito ndi ndodo zake Lachinayi, nati abwere Loweruka nthawi ya 12 koloko isanakwane, adzanene kamene hotela iitanitse tambiri, ndi chifukwa chake. Anawonjezera kuti zonse zibwerere zosaphwanyika, chingwe chosaduka, popeza panalinso msodzi wina, Ibrahimu wa ku Malembo, amene ankaifuna ntchito yomweyo.

"Kusiyana kwake ndi buleki," anatero Che Jaffalie. "Bwana watero."

A Rowland anasiya chubu chiyandame chokha. "Buleki?"

"Eya. Nsomba yaikulu ikakoka, buleki imalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono kuti chisaduke. Aka nati yake yomangira buleki ili kutsogolo, pamwamba apa. Aka nati ili kumbuyo, kumatako."

"Bwanji osanena kale? Tengani ya kumbuyo."

"Simunaigwire n'komwe."

"Sindifunika kuigwira. Ya kutsogolo imagwetsa. Aphunzitsi a ku Koche aja mano awo ali kuti?"

"Aphunzitsi anali pa njinga."

"Anagwira ya kutsogolo pamtsetse. Njinga inaima, iwo anapitirira."

"Nyanja ilibe mtsetse."

"Ndiye buleki ndi yachiyani?"

Che Jaffalie anavula kofiya, n'kuivalanso. "Mverani, alamu. Ine ndasankha kale. Ya kutsogolo."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndasankha."

"Nanga mwadzeranji?"

"Bwana akufuna chifukwa. Inu mumadziwa zitsulo. Mundipatse chifukwa chake."

"Chifukwa chosankhira ya kumbuyo ndili nacho."

"Chimenecho sindikuchifuna. Ndikufuna cha ya kutsogolo."

A Rowland anayang'ana m'bokosi la masipanala ngati mwina chingapezeke m'menemo. "Chimenecho ndilibe."

Zoona zake, Che Jaffalie anasankha ya kutsogolo Lachinayi lomwelo, ali pageti la hotela, atangomva Ibrahimu akuuza mlonda kuti ya kumbuyo ikuoneka yanzeru. Koma zimenezi sizinali zouza mlamu.

"Onani kukula kwake," anatero, akugogoda nati ya kutsogolo ndi chala. "Iyi ndi buleki ya amuna. Ikagwira yagwira."

"Ndi zomwe ananena aphunzitsi."

"Asiyeni aphunzitsi!"

"Ndawasiya. Koma ine ndanena ndipo ndibwerezanso," a Rowland anakweza mawu, sipanala ili m'mwamba, "zakutsogolo ine sindizikhulupirira! Chilichonse chokhala kutsogolo chimagwira anthu modzidzimutsa, n'kuwagwetsa chafufumimba!"

Nthawi yomweyo n'kuti apampando a chipani a nthambi ya m'deralo akudutsa pamsewu, mtolo wa makadi uli m'thumba la malaya. Anachepetsa liwiro. Amayi ogulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo analeka kuingitsa ntchentche.

"Akunena njinga, apampando!" anakuwa Che Jaffalie, mano onse pamtunda. "Njinga basi!"

"Si njinga yokha ayi," anatero a Rowland. "Ngakhale..."

Che Jaffalie anawaponda chala chachikulu cha kuphazi ndi chidendene chonse.

"Mwandiponda."

"Ndakupondani."

"Mwadala?"

"Mwadala."

Apampando anayang'ana ndodo, anayang'ana timakina, anayang'ana amuna awiriwo, kenaka anapitirira pang'onopang'ono. Atakhota pa chigayo, Che Jaffalie anachotsa phazi.

"Mumafuna kunena kuti ngakhale chiyani?"

"Ngakhale mthuthuthu wa apadiri."

"Subuhana! Tikanagona kupolisi chifukwa cha mthuthuthu. Kuyambira pano musatchulenso kutsogolo mokweza."

"Ndizitchula bwanji?"

"Muziti iyi."

"Chabwino. Iyi ndi yoipa." A Rowland anatola sikuludiraiva. "Bweretsani ndimasule, tione m'kati."

"Osamasula! Mukamasula inu pamatsala kanati kamodzi kosowa kwawo."

"Kamatsala chifukwa kanali kowonjezera."

"Palibe chomasula pano."

"Ndiye tiyese. Buleki sayesa ndi pakamwa. Ine ndikakonza njinga ndimaikwera."

Che Jaffalie anayang'ana dzuwa. Linali litakwera kale, ndipo kupita kunyanja kukafuna boti, nyambo ndi nsomba yofuna kuluma kukanadya tsiku lonse. Anayang'ana njinga ya a Rowland, yakuda, yolimba, ya kaliyala ya chitsulo. Nzeru inawabwerera, ndipo anaikonda chifukwa inali yawo.

"Tikungofuna chinthu chokoka. Timanga chingwe ku kaliyala. Ine ndigwira ndodo. Inu mukhala nsomba."

A Rowland anaganiza. "Nsomba yanji?"

"Iliyonse."

"Kulibe nsomba yotchedwa iliyonse."

"Chabwino, chambo."

"Chambo mumagwira ndi ukonde. Munandiuza nokha kuti mbedza chimangoiyang'ana."

"Kampango, ndiye."

A Rowland anakhala pansi pa chitini, n'kupinda manja.

"Mukutani?"

"Kampango sadya dzuwa lili pamutu. Ndikudikira."

"Dzukani! Khalani mlamba!"

"Mlamba ndi wa m'matope. Ovolosi iyi achemwali anu achapa dzulo. Mukawafotokozera ndinu?"

Che Jaffalie anaganiza za Ajira, mchemwali wawo, ndi pakamwa pake, ndipo mlamba anausiya.

"Mpasa," anatero. "Khalani mpasa."

"Yogonera kapena ya m'madzi?"

"Ndati mpasa!"

"Ndi Chiyao chanucho zimamveka chimodzimodzi. Mukati mphasa ndigona pansi, mukati mpasa ndikwera njinga."

"Ya m'madzi, alamu. Yamamba. Yamphamvu. Yothamanga."

"Yaimuna kapena yaikazi?"

"Zikusiyana pati?"

"Yaikazi ikhoza kukhala ndi mazira. Ndizipalasa mosamala."

"Yaimuna."

A Rowland anadzuka, anapinda miyendo ya ovolosi, n'kukankhira njinga kumsewu. Che Jaffalie anamangirira kamakina ka buleki ya kumbuyo pa ndodo, kuti ayambe ndi kolephera. Anadutsitsa chingwe m'timphete ta ndodo, n'kuchimanga ku kaliyala ndi mfundo ya asodzi.

"Tiyeni."

A Rowland sanasunthe.

"Ndati tiyeni."

"Nyambo ili kuti?"

"Nyambo yachiyani?"

"Mpasa ingalume mbedza yopanda kanthu? Ndi yopusa?"

Che Jaffalie anapita kwa amayi aja, n'kubwera ndi chitumbuwa chimodzi. A Rowland anachinunkhiza, anachizungulira ndi maso mbali zonse, anachisiya, anachibwerera, kenaka anachiluma.

"Ndaluma," anatero, n'kupalasa.

Kamakina kanalira ngati nyenje. Ndodo inapindika, chingwe n'kumatuluka. Dzanja la Che Jaffalie linapeza nati ya kumbuyo lokha, osaifunafuna, chifukwa inali pomwepo pafupi ndi mkono. Anapotokola pang'ono, njinga inalemera. Anabweza pang'ono, njinga inapepuka. Zinawanyansa kuti zinali zophweka chotere. Anamanga mpaka nati inakana, koma chingwe chinkatulukabe, modukizadukiza, ngati munthu wa chibwibwi. Magazi a usodzi anawira. Anaiwala msewu, anaiwala amayi a zitumbuwa, n'kuyamba kulankhula ndi nsomba monga ankachitira panyanja.

"Ima, iwe! Ukupita kuti? Ima pomwepo!"

Njinga inaima. Chingwe chinagwa pansi lende.

A Rowland anatembenuka, n'kubwerera akukankha njinga, Che Jaffalie akukulunga chingwe mokwiya.

"Mwaimiranji?"

"Mwati ima."

"Ndimauza nsomba!"

"Nsomba ndine."

"Nsomba imamva Chichewa?"

A Rowland anakanda chibwano. "Sindinaifunsepo."

"Simva! Ilibe makutu! Zaka makumi atatu ndakhala ndikuzikalipira, palibe inaimapo. Nsomba imaima ikatopa basi. Mwamva?"

"Ikatopa."

"Ngakhale ndikuwe bwanji. Ngakhale nditchule dzina lanu. Ngakhale ndilire. Inu simumva."

"Mpaka nditatopa."

"Basi."

"Chabwino. Koma mwaona ya kumbuyo? Simunagwe."

"Sinagwire."

"Koma simunagwe."

"Imagwira ngati ikupepesa. Tsopano muone buleki."

Anatenga ndodo yachiwiri, n'kumangirira kamakina kawo kaja. Nati ya kutsogolo anaipotokola kamodzi, kawiri, katatu, kenaka anaigwira ndi nsonga ya malaya n'kuwonjezera.

"Mwamanga kwambiri," anatero a Rowland.

"Ndiyo ntchito yake."

"Ikanakhala njinga ndikanakuuzani kuti mubweze pang'ono."

"Si njinga. Kwerani."

"Nyambo."

"Mwadya kale!"

"Nsomba yolumapo mbedza imachenjera. Tsopano zikhale ziwiri."

Zitumbuwa ziwiri zinabwera. A Rowland anadya chimodzi, china anaika m'thumba la pachifuwa.

"Icho bwanji?"

"Cha panjira."

"Panjira yopita kuti? Mungofika pachigayo apo."

"Bwanji osanena zimenezo ndikadali munthu? Chifukwa ndalumatu." Ndipo anaponda pedulo.

Ndodo inapinda mutu mpaka pafupi ndi pansi. Kamakina sikanalire. Sikanatulutse chingwe ngakhale kutalika kwa chala. Che Jaffalie anamwetulira, anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwaona, koma chingwe chinayamba kuimba kanyimbo kaja kopyapyala kamene msodzi aliyense amakadziwa, ka chingwe chotsala pang'ono kuduka. Anatambasula dzanja kuti abweze nati. Koma nati inali kutsogolo, kuseri kwa chingwe chokungika ngati waya, ndipo chinawacheka chala. Anabweza dzanja. Kuti chingwe chipume, anaponda phazi limodzi kutsogolo. Kenaka lina. Kenaka anazindikira kuti akuthamanga.

"Alamu! Imani pang'ono!"

Msana wa a Rowland unkangopita.

"A Rowland! Tsopano ndikunena zoona! Imani!"

Njinga inadutsa chigayo.

"Amuna a Ajira! Bambo a Mariya!"

Mayi wina wosenza nkhuni anaima m'mbali mwa msewu. "A Rowland, alamu anu akukuitanani!"

"Ndine mpasa, amayi," anayankha a Rowland mwaulemu, osatembenuka.

"Nanga iwowo mwawamva bwanji?" anakuwa Che Jaffalie.

Njinga inangopitirira.

Vuto linali lakuti a Rowland anali munthu wopita ku boma la Mangochi ndi kubwerako pa njinga madzi a tiyi asanawire. Kutopa ankangokumva kwa anzawo. Sankathamangitsa ayi. Ankapalasa mwaulemu, mosasintha, liwiro lokwanira kuti munthu wa zaka makumi asanu asagwe komanso asapume. Che Jaffalie akawonjezera liwiro kuti chingwe chilendewere, apeze mpata wogwira nati, a Rowland ankamva kupepuka kumbuyo n'kuwonjezera nawonso, monga ichitira nsomba ikaona ngati yapulumuka.

Kutaya ndodo kunali kukokera katundu wa hotela pamiyala. Kuima kunali kudula chingwe. Zonse ziwiri zinali kupereka ntchito kwa Ibrahimu wa ku Malembo. Che Jaffalie anagwira ndodo ndi manja awiri, n'kumathamanga. Patapata imodzi inatsala pa kalavati. Kofiya inatsala pafupi ndi mzikiti, pomwe akuluakulu atatu okhala pakhonde anawatsatira ndi maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

"Salaam aleikum, Che Jaffalie," anatero mmodzi.

"Aleikum... salaam!"

"Mwagwira chiyani?"

"Mpasa!" anayankha a Rowland.

Che Jaffalie anayesa Chiyao. "Ajime! Alamu, ajime!"

"Chiyao ndiye nsomba sichimva n'komwe," anatero a Rowland, ngati akuuza mahandulo a njinga.

"Mukuyankhatu!"

A Rowland anatulutsa chitumbuwa m'thumba, n'kumadya akupalasa ndi dzanja limodzi.

Atafika pamphambano anakhota kumanja, kusiya tala, kulowa msewu wafumbi wotsikira kunyanja.

"Mukupita kuti?"

Mbuzi zinabalalika. Ana a sukulu ya Korani anathamanga nawo pang'ono, n'kutopa, n'kubwerera. Bambo wina wonyamula thumba la makala anawerama kuti chingwe chimudutse pamutu, n'kupitiriza ulendo osafunsa. Chifuwa cha Che Jaffalie chinkalira ngati pampu yong'ambika. Analumbira mumtima kuti akapulumuka sadzalankhulanso ndi nsomba, yamoyo kapena youma.

Msewuwo unali wa kuhotela. Mlonda wa pageti ataona njinga ikubwera, kumbuyo kwake munthu wonyamula ndodo ya hotela, anaganiza kuti ndi za ntchito, ndipo anakweza chitsulo, n'kuperekanso sawatcha. Anadutsa pakati pa maluwa, anadutsa pakhitchini, anadutsa azungu awiri ogona pamipando, mpaka matayala anazama mumchenga wa pagombe. Njinga inaima yokha. Che Jaffalie anafika, anaika ndodo pa kaliyala mosamala ngati khanda, kenaka anagwa chagada.

A Willard anatuluka mu ofesi, cholembera chili kukhutu. Anayang'ana njinga, anayang'ana munthu wogona pamchenga, anayang'ana wotchi. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndine mpasa, bwana," anatero a Rowland, akuvula chipewa. "Sindinatope, koma msewu watha."

"Ndi mlamu... wanga," anatero Che Jaffalie kuchokera pansi. "Timayesa... buleki."

"Kamakina kena kali kuti?"

"Kali pamalo anga, bwana, pa ndodo inayo," anayankha a Rowland. "Amayi a zitumbuwa akuyang'anira. Ndikabweretsa ndikaleka kukhala nsomba."

A Willard anatenga ndodo. Anatsata chingwe ndi zala kuchokera pa kamakina mpaka ku kaliyala, osapeza podukira. Anayesa nati ya kutsogolo, inakana. Anaigwira ndi mpango, inalola.

"Wamanga chonchi ndani?"

"Iwowo," anatero a Rowland. "Ndinawauza."

"Mwayambira pati?"

"Pamsewu waukulu, kupitirira chigayo."

"Mtunda wonsewo? Buleki yomangidwa chonchi, chingwe osaduka?" A Willard anayang'ana phazi la Che Jaffalie lopanda patapata, ndi chala chotuluka magazi. "Bwanji simunangochileka chiduke?"

"Munati... chibwere... chosaduka."

"Ndinatero. Chabwino, mwasankha iti?"

Che Jaffalie anadzuka, n'kukhala tsonga. Anapuma katatu. Mawuwo anatuluka movuta ngati munga wa nsomba pakhosi.

"Ya kumbuyo."

"Ayi, bwana," anatero a Rowland. "Ya kutsogolo."

Che Jaffalie anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwati chiyani?"

"Pepani. Iyi."

"M'mawa wonse mwakhala mukundiimbira ya kumbuyo! Mano a aphunzitsi! Mthuthuthu wa apadiri!"

"M'mawa ndinali wokonza njinga. Ndili nsomba ndazimvera ndekha. Ya kumbuyo ndikanafika nayo ku Malindi. Iyi imagwira. Ndimangomva ngati ndanyamula thumba la simenti lokhala ndi miyendo."

"Ndiye mwasintha maganizo, Che Jaffalie?" anafunsa a Willard.

"Sindinasinthe kanthu, bwana. Ine yanga ndi ya kutsogolo. Ndi yamphamvu, siterereka, ndipo ndidzafa nayo. Koma inu munafunsa za alendo. Mlendo akamanga molakwa, nsomba n'kuluma, adzafuna kubweza nati. Ikakhala kutsogolo, chingwe chidzamucheka, ndipo panyanja palibe pothamangira. Iye mumupatse ya kumbuyo, pomwe dzanja lili kale. M'boti mukhale ya kutsogolo imodzi, ya nsomba zikuluzikulu, yogwira ine ndekha. Ndipo nati yake ndizimanga nsomba isanalume, pang'ono."

"Pang'ono," anavomereza a Rowland.

A Willard anachotsa cholembera kukhutu, anachiyang'ana, n'kuchibwezera. "Ibrahimu anabwera m'mawa. Anati ya kumbuyo, chifukwa ndi yokongola. Ntchito ndi yanu, Che Jaffalie. Muyamba Lolemba."

Che Jaffalie anatseka maso. "Alihamudulilahi." Anaona kale ufa ukulowa m'nyumba, ndi nkhope ya Ibrahimu akumva nkhaniyi, ndipo sanadziwe chimene chinawakomera kwambiri.

"Koma mwandipatsa nzeru," anapitiriza a Willard. "Lolemba kukubwera alendo asanu ndi atatu ochokera ku Blantyre, onse sanagwirepo ndodo. Asanakwere boti, aliyense ayambe waphunzira buleki pamchenga pano, monga mwachitiramu. Mubwere nayo nsomba yanuyi."

"Lolemba sindipezeka, bwana," anatero a Rowland. "Ndili ndi njinga zitatu za anamwino, ndinalonjeza. Ndiponso ine nsomba ndinavomera ya lero lokha."

"Ndiye pafunika wina wokoka. Alendo sangakokane okhaokha."

A Willard anayang'ana a Rowland. A Rowland anayang'ana pansi, pomwe panakhala wantchito watsopano wa hotela. A Willard anayang'ananso pomwepo.

"Ayi," anatero Che Jaffalie. "Ayi, bwana. Ine ndine msodzi. Zaka makumi atatu. Ndiponso njinga sinditha kukwera."

A Rowland anamasula chingwe ku kaliyala, anachipereka m'manja mwa mlamu wawo, n'kutembenuza njinga.

"Njinga yachiyani, alamu? Inu mumathamanga bwino."